Za Makolo Siziikidwa pa Botolo Popanda Eni Ake

M'chigwa cha Bwanje, kunsi kwa mapiri a Ntcheu, mlambe subzalidwa ndi munthu, komabe walera mibadwo. Mvula ikatha amai amatola malambe, nawaswa, nawasinja. Ufa wake woŵaŵasa unkakometsa phala shuga asanafike m'midzi. Lero malambe omwewo ali m'mabotolo m'masitolo a m'tauni, ndipo chiyambire 2008, pamene maiko a European Union analola ufa wa malambe pa misika yao, akuoloka ndi nyanja zomwe.

Sitikudandaula kuti malambe apeza msika ai. Anthu a ku Kam'mwamba, kufupi ndi Zalewa, anayamba kutsira madzi a malambe ndi bwemba m'mabotolo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti achepetse kuotcha makala, ndipo anachita bwino. Chimene chikutiŵaŵa ndi kapepala komata pa botolo. Wojambula amaikapo mlambe dzuŵa likuloŵa, kapena mai wosenza dengu, nati chakumwachi n'cha makolo. Koma taŵerengani mauwo: pafupifupi onse ndi Chingerezi. Mudzi kumene malambewo anatoledwa sutchulidwa. Mai uja amuika poyera ngati nyambo, pamene iye mwini anagulitsa dengu lake pamseu, osadziŵa n'komwe kumene linapita. Kodi ulemu wa makolo ndi umenewu?

Ena amati chithunzi n'chithunzi basi. Kwa ife a kwa Gomani si choncho. Chishango cha chikopa cha ng'ombe, chimene amuna amanyamula povina ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo, chili ndi eni ake. Kumeneko timakumbukira Inkosi Gomani Chikuse, amene Angerezi anamupha mu 1896. Wamalonda amene angalakelake kuika chishangocho pa katundu wake ayambe wakagwada kwa mafumu, anene cholinga chake, ndipo akakanizidwa asanyinyirike.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards limalamula kale kuti pa chakudya chogulitsa pazilembedwa zimene zasakanizidwamo ndi tsiku limene chidzathe mphamvu. Malo a mizere ina iŵiri m'Chicheŵa sangasoŵe. Woyamba utchule mudzi kapena kalabu ya amai amene anatola malambewo. Wachiŵiri unene poyera kuti malambe enieni ndi ochuluka bwanji m'botolomo poyerekeza ndi madzi ndi shuga, pakuti kholo logulira mwana wodwala liyenera kudziŵa chimene likummwetsa.