Wodzuka yekha pangozi asapite kwawo msanga

Chapa ikagubuduzika pa msewu wa mapiri wa pakati pa Metangula ndi Cobue, anthu amathamangira amene akukha magazi. Wothyoka mwendo amanyamulidwa. Koma uja wadzuka yekha, n'kusasa fumbi, n'kuyamba kutola matumba ake a usipa, amauzidwa kuti ali ndi mwayi, azipita kwawo. Cholakwa chili pomwepa.

Ubongo umakhala m'chigaza chotsekeka. Mutu ukamenyetseka, mtsempha ungathe kuphulika mkati, magazi n'kumadzaza popanda potulukira. Munthuyo amalankhula bwinobwino, nsima n'kudya, koma pakapita maola angapo mutu umawawa kwambiri, amasanza, ndipo tulo timamugwira moti kumudzutsa kumavuta. Ena amagwa ngati akhunyu, ena amafooka dzanja ndi mwendo mbali imodzi. Madzi kapena magazi akamatuluka m'khutu, mwina chigaza chasweka.

Kwa okalamba ndi okonda kachasu magaziwo angadonthe pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Agogo amayamba kuiwala, kudzandira, kulankhula zosagwirizana. Nthawi imeneyo ngozi ija inaiwalika kalekale, ndipo achibale amaloza chala mnansi amene anakangana nawo za ukonde. Masiku amathera kwa asing'anga, pamene magazi akupitiriza kupanikiza ubongo.

Dzanzi la m'manja kapena m'miyendo limaloza ku khosi ndi msana. Wotereyu sayenera kunyamulidwa mogwira manja ndi miyendo ayi. Amugoneke pa chitseko, mutu usagwedezeke.

N'zoona kuti kunyanja kuno malungo a mu ubongo nawonso amasokoneza mutu ndi kukomola. N'chifukwa chake kungoganizira pakhomo n'koopsa, poti kuyeza malungo ndi dontho limodzi la magazi basi.

Opaleshoni ya mutu sichitika ku Cobue. Komabe enfermeiro angayang'ane maso a wodwala, kumuyeza malungo ndi kulemba kalata yomutumiza ku Metangula ndi ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Chipatala cha St Peter's ku Likoma nachonso chili kutsidya pafupi.

Aliyense womenyetsa mutu akaonedwe tsiku lomwelo, ndipo kwa masiku awiri asagone yekha. Asamwe mowa kapena aspirin, amene amachedwetsa magazi kuundana. Ndipo wodwala akasintha, ngakhale patapita mwezi, achibale ayambe kuwauza a enfermeiro za ngozi ija asanafunsidwe.