Lagos Yatiphunzitsa, Koma Ng'oma Tili Nayo

Mukakwera minibasi ya ku Chunga kudzera ku Matero, sipika ya pansi pa mpando imagunda Burna Boy kapena Davido mpaka mazenera kunjenjemera, ndipo kondakitala amatolera ndalama akugwedeza mapewa. Ine sindidandaula nazo. Anzathu a ku Nigeria anakhetsa thukuta. Fela Kuti ndi woimba ng'oma wake Tony Allen anasakaniza highlife, jazz ndi funk ndi kamenyedwe ka Chiyoruba, n'kutulutsa Afrobeat. Adzukulu awo anapitiriza mpaka Burna Boy kulandira Grammy mu 2021. Chinsinsi chawo n'chakuti amabwereka gitala ndi makina a kunja, koma ng'oma ndi chilankhulo amasunga zakwawo. Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1970 Paul Ngozi, Rikki Ililonga ndi gulu la WITCH anaumba Zamrock pophatikiza rock ndi kuimba kwathu. Ngozi anamwalira mu 1989, komabe mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga mawu a nyimbo ya gulu la malemuyu, Ngozi Family, n'kuwaika mu "Noid", dziko lonse n'kumva Chinyanja cha mu Lusaka. Choncho anyamata athu ojambula nyimbo m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba, bulangeti lili pakhoma, laputopu ili pa kireti, ndikukupemphani: phunzirani ku Lagos, koma musakopere. Ikanimo kalindula, ng'oma za Nyau ndi Chinyanja cha pamsika. Mlendo sangagule kwa inu chimene ali nacho kale kwawo.

— Mlembi wa ku Chunga