Ng'ombe ikhale kaye m'khola: funsani za yunivesiti musanalipile

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, amalonda a mitundu yonse amadziwa kuti m'midzi mwalowa ndalama. Kale tinali kuona a salaula, a njinga ndi a malata. Masiku ano kwabwela ena atsopano, ndipo awa sakwela basi kuti atipeze. Amalowela pa foni. Uthenga umafika pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti yunivesiti yakuti-yakuti ya ku America kapena ku Ulaya ikulandila ophunzila: phunzilani muli pakhomo, digili m'miyezi 6 cabe, malo atsala ocepa, tumizani ndalama ya fomu lelo. Mwana amene anatsiliza Giledi 12 zaka zitatu zapitazo, ndipo watopa ndi kukhala pakhomo, amaonetsa uthengawo kwa atate ake. Atate ake amayamba kuyang'ana m'khola.

Ife tikuti ng'ombeyo ikhale kaye m'khola kufikila mafunso ena atayankhidwa.

Tisamvane molakwa. Kuphunzila uli kutali ndi sukulu si cinthu cacilendo, ndipo si cinthu cocititsa manyazi. University of South Africa, imene ambili amaidziwa kuti UNISA, inayamba kuphunzitsa kudzela m'makalata mu 1946, ndipo Nelson Mandela anatsiliza digili yake ya zamalamulo kumeneko ali m'ndende. Kuno kwathu University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo kuyambila m'zaka zake zoyambilila inali ndi ophunzila olandila maphunzilo pa positi. Aphunzitsi ambili a ana athu anakweza maphunzilo awo ku Chalimbana kapena ku Zambian Open University, akuphunzitsa masana, kuwelenga usiku pa koloboyi, ndi kupita kukagona ku sukulu pa holide. Mphunzitsi wa ku Chama kapena namwino wa ku Vubwi, amene sangasiye nchito ndi banja kwa zaka zinayi, njila yake ndi imeneyi. Conco vuto si mtunda. Vuto ndi lakuti ndani amene aimilila kumbuyo kwa pepala limene mwana adzalandila.

Ife a m'mipingo nkhani ya mapepala timaidziwa. Mnyamata akafuna kumanga ukwati m'chalichi, amabwela ndi kadi lake la ubatizo. Koma Bambo Mfumu sakhutila ndi kadi lokha. Amalembela ku palishi kumene mnyamatayo anabatizidwa kuti akaone m'buku. Kadi munthu angathe kulilemba yekha usiku umodzi, koma buku ndilo limacitila umboni. Digili nayonso ili ndi buku lake, ndipo bukulo silisungidwa ndi sukulu imene ikufuna ndalama zanu.

M'dziko muno osunga bukulo ndi a Higher Education Authority, kapena kuti HEA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Yunivesiti iliyonse imene si ya boma iyenela kulembetsa kwa iwo, ndipo iwo amafalitsa maina a zimene zinalembetsa. Masukulu a nchito zamanja, monga ukalipentala, zamagetsi ndi umakanika, ali m'manja mwa TEVETA. Ndipo pepala likacokela kunja kwa dziko, a Zambia Qualifications Authority, ochedwa ZAQA, ndiwo amalifufuza ndi kunena ngati lili loona, ndiponso kuti lilingana ndi maphunzilo ati a kuno. Olemba nchito ambili, kuyambila boma lenileni, amafuna umboni wa ZAQA. Munthu angathe kukhala ndi pepala lokongola, la cidindo cagolide ndi mau a Cilatini pamwamba, koma ngati sukulu imene inalipeleka siidziwika ku boma la dziko lake, pepalalo lidzathela pa khoma la m'nyumba.

Apa mpamene ocenjela amasewela ndi mau, ndipo tipemphe owelenga kuti achele khutu. Mukafunsa kuti, “Kodi munalembetsa ku boma?” amayankha kuti inde, nakuonetsani satifiketi ya PACRA. Satifiketiyo ingakhale yoona ndithu, koma PACRA imalembetsa makampani ndi maina a bizinesi. Cigayo, butchala ndi sitolo ya simenti zonse zili ndi pepala lomwelo. Silipatsa munthu mphamvu yopeleka digili. Ena amati, “Ife tinavomelezedwa ndi bungwe la dziko lonse,” nachula dzina lalitali la Cingelezi lokhala ndi mau akuti International kapena World. Kawili-kawili bungwelo n'lawo lomwe. Amapanga sukulu m'mawa, madzulo napanga bungwe loivomeleza. Kuli ngati munthu wogulitsa mbuzi yakuba amene wadzilembela yekha kalata ya anyakwawa. Palibe bungwe limodzi la dziko lonse lapansi limene limavomeleza mayunivesiti. Dziko lililonse lili ndi lake: ku South Africa kuli kaundula wa unduna wa maphunzilo apamwamba, ku Malawi kuli National Council for Higher Education. Funso loyenela ndi lakuti: sukuluyi ili m'dziko liti, ndipo boma la dzikolo liidziwa?

Kuti muone kukula kwa malonda amenewa, mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kampani ya ku Karachi, m'dziko la Pakistan, yochedwa Axact, imene inali ndi mayunivesiti ndi masukulu mazana pa intaneti. Zithunzi za nyumba zinalipo, zithunzi za mapulofesa omwetulila zinalipo, koma kalasi panalibe ndi imodzi yomwe. Anali kugulitsa mapepala kwa anthu a m'maiko ambili. Ndipo mu 2004, akuluakulu a zamalamulo a m'cigawo ca Pennsylvania ku America anayesa sukulu ina yochedwa Trinity Southern University mwa kulembetsa mphaka dzina lake Colby Nolan. Atalipila madola mazana angapo, mphakayo analandila digili yapamwamba ya zamalonda pamodzi ndi pepala la mamaki abwino. Nkhaniyi imaseketsa, koma anthu amene anagula digili yofanana ndi ya mphaka uja anali anthu enieni, ndipo ndalama zawo zinali zenizeni.

Masukulu otele savuta kwenikweni kuwazindikila munthu akadekha. Safunsa zotsatila za Giledi 12, pamene yunivesiti yoona kuno imafuna kuti mwana akhale atapambana bwino maphunzilo 5. Amalonjeza m'miyezi yocepa cimene pa UNZA cimatenga zaka zinayi. Amakamba zambili za mtengo, zocepa za mayeso. Amakufulumizitsani. Ndipo ndalama amati mutumize pa nambala ya foni ya munthu, osati ku akaunti ya banki ya dzina la sukulu. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Koma cimene citidetsa nkhawa koposa si mbala za pa intaneti zimenezi. Ndi sukulu imene ilikodi. Ili ndi cikwangwani m'tauni, ili ndi ofesi, aphunzitsi ake tiwadziwa, mwina ena timapemphela nawo pamodzi. Dzina lake lingapezeke ngakhale pa mndandanda wa HEA. Koma kulembetsa sukulu ndi cinthu cina, kuvomeleza maphunzilo ake ndi cinanso. HEA imayang'ana kosi iliyonse payokha: kodi aphunzitsi ake ndi okwanila, mabuku alipo, zipangizo zilipo? Sukulu ingakhale yololedwa kuphunzitsa zamalonda koma yosaloledwa kuphunzitsa unamwino. Ndiye imalemba ana a unamwino, niiwauza kuti, “Mapepala athu ali m'njila, pofika caka camawa zonse zidzakhala bwino.” Mwina zidzakhaladi bwino. Koma zikapanda kutelo, adzataya ndani? Mwini sukulu ndalama analandila kale. Wotaya ndi mwana, amene zaka zake zitatu sizidzabwelanso, ndi amai ake amene anagulitsa nshawa ndi kulowa kaloba kuti alipile temu yotsiliza.

Pa nchito zina palinso khomo laciwili. Mphunzitsi saloledwa kugwila nchito popanda kulembetsa ku Teaching Council of Zambia. Namwino ndi mzamba ali ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo a nchito zina za m'cipatala ali ndi Health Professions Council of Zambia. Mabungwe amenewa akakana sukulu imene mwana anaphunzilako, ndiye kuti laisensi palibe, ndipo popanda laisensi nchito palibe. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, pamene ofunsila anaposa 100,000. Pa mpikisano wotele, ngakhale a mapepala abwino ambili anatsala. Nanga wa pepala lokayikitsa akanayambila pati?

Alimi adzatimvetsa msanga. Tonse tinamvapo za mbeu yabodza: cimanga ca m'nkhokwe copakidwa utoto ndi kuikidwa m'thumba la dzina la kampani. Pa sitolo simungaisiyanitse ndi yoona. Mumaizindikila mu Febuluwale, mapesi ali oonda, feteleza atapita ndipo mvula yobyalila itatha. Ndiye cifukwa cake kuli a Seed Control and Certification Institute ku Chilanga, ndipo mlimi wanzelu amayang'ana cizindikilo cawo asanatulutse ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti mbeu yabodza imadya caka cimodzi, pamene sukulu yosavomelezeka imadya zaka zitatu kapena zinayi za mwana. Tiwelengenso ndalama. Mu 2024, caka ca cilala cija, a FRA anali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Pa mtengo umenewo, K10,000 ya sukulu ndi matumba 30. Amene anapalilako munda adziwa thukuta la matumba 30. Kodi n'zomveka kuti munthu amene amayendela masitolo atatu asanagule thumba limodzi la mbeu atumize matumba 30 kwa munthu amene sanamuonepo nkhope?

Tikambeko pang'ono za ife akulu, cifukwa si ana okha amene amakodwa. Kwabwela njala ya maina. Munthu amapita ku hotela Lacisanu, kulipila, kuvala mkanjo ndi cipewa, Lolemba wabwela ali Dokotala. Matendawa alowa m'ndale, m'mabizinesi, ngakhale m'mipingo. Wina angati palibe amene wapwetekedwa. Ife tikuti alipo. Mwana amene akuona zimenezi amaphunzila kuti ulemu umagulidwa, ndipo mphunzitsi uja wa ku Chama, amene anawelenga zaka zambili pa koloboyi, amaoneka ngati wopusa. Tisiyanitsenso wonamizidwa ndi wogula dala. Wonamizidwa afunika thandizo lathu, osati kumuseka. Koma amene adziwa kuti sanalembe mayeso, natenga pepala kukafunila nalo nchito yophunzitsa ana kapena yobaya odwala jekeseni, ameneyo akuba, ndipo akubela osauka anzake amene adzagona pa bedi la m'cipatala.

Tsono ticite ciani? Safunsa anadya phula. Kufunsa kwake sikufuna kuti munthu akhale wophunzila kwambili. Lembani dzina lonse la sukulu monga lilili, cifukwa ocenjela amasintha liu limodzi cabe pa dzina la yunivesiti yochuka. Lembaninso dzina la kosi. Kenaka pemphani mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pafupi, kapena wacinyamata wodziwa foni wa mu mphakati mwanu, kuti aone pa mndandanda wa HEA kapena wa TEVETA, ndipo aone zonse ziwili, sukulu ndi kosi. Ngati ndi uphunzitsi kapena unamwino, funsaninso ku bungwe la nchitoyo. Ngati sukulu ndi ya kunja, funsani a ZAQA musanalipile, osati mwana atatsiliza. Musadalile kalata imene a sukulu akuonetsani okha. Sukulu yoona siikwiya ikafunsidwa, ndipo malo ake satha cifukwa mwacedwa sabata imodzi. Tikumbutsenso makolo kuti kuyambila mu 2022 thumba la CDF lili ndi gawo lothandiza acinyamata kuphunzila nchito zamanja m'masukulu ovomelezeka. Satifiketi yoona ya zamagetsi kapena ya zomanga-manga imadyetsa banja kuposa digili imene palibe angaivomele.

Tili ndi pempho kwa atsogoleli a mapalishi ndi a magulu a alimi. Mapepala olengeza masukulu amafika pa bolodi la chalichi ndi pa zilengezo za pa Sondo, ndipo anthu akamva dzina likuwelengedwa kutsogolo amaganiza kuti mpingo walivomeleza. Komiti ifufuze kaye isanawelenge. Tipemphanso a HEA kuti mndandanda wawo usathele pa intaneti ndi m'Cingelezi. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Petauke amamvela Radio Maria ndi Breeze FM. Maina a masukulu ololedwa ndi ocotsedwa awelengedwe kumeneko m'Cinyanja, maka-maka kuyambila mu Juni kufika mu Ogasiti pamene ndalama za zokolola zili m'manja.

Kwa amene analipila kale ndipo mtima wayamba kukayika powelenga izi, musabise cifukwa ca manyazi, ndipo musaonjezepo ndalama ina kufikila mutafufuza. Sungani malisiti onse, mauthenga a pa foni ndi kalata imene anakulandilani nayo. Pemphani sukulu ikupatseni pepala la mamaki a zimene mwana waphunzila kale. Mukapeza kuti sukuluyo kapena kosiyo siili pa mndandanda, kadziwitseni a HEA, ndipo nkhani ya ndalama muipeleke ku Competition and Consumer Protection Commission kapena ku polisi. Mukapita muli gulu la makolo angapo, mudzamveka msanga kuposa kupita mmodzi-mmodzi.