Mandimu sangatchaje foni, koma asiyeni ana ayese

Abale anga kuno kumudzi, ndi inu a m'tauni, mavidiyo aja oti "tchajani foni ndi mandimu" afika ponseponse. Ine maganizo anga ndi awa: foni sitchajika choncho, koma mwana akafuna kuyesa musamukalipire.

Zimayenda chonchi. Mumabaya ndimu ndi msomali wa malata, uja wokutidwa ndi zinki, pambali pake n'kubayanso kawaya ka kopa, osakhudzana. Asidi wa m'ndimu amadya zinki pang'onopang'ono, ndipo zinkiyo ikamasungunuka imasiya tinthu totchedwa ma electron. Mukalumikiza msomali ndi kopa, tinthuto timayenda m'waya kupita ku kopa. Magetsi ndi amenewo basi. Tsono mphamvu imachokera m'zinki, madzi a ndimu amangothandizira. Si nzeru yatsopano ayi. Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba mu 1800 posanjikiza zinki, kopa ndi nsalu zoviika m'madzi amchere.

Ndimu limodzi silikwanitsa bwino ngakhale volt imodzi. Mukalumikiza anayi, kopa wa ili ku msomali wa linalo, kababu ka LED kamayaka mozimirira. Foni imafuna ma volt 5, komanso magetsi oyenda ochuluka kwambiri kuposa amenewo. Mungathe mtengo wonse wa mandimu foni ili chizimire.

Batire la wailesi la ma volt 1.5 nalonso chikhokho chake ndi zinki, pakati pali kamtengo kakuda ka kaboni. N'chifukwa chake likakalamba limabooka n'kumachucha. Kuliyanika padzuwa kumangokokera timphamvu totsalira, zinki yodyekayo sibwereranso.

Pempho langa nali. Ana asamaswe mabatire akutha pofuna zinki, chifukwa phala la m'katimo limawotcha m'maso ndi pabala. Tisamawatayenso m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena pamoto. Msomali ndi kawaya zakwana, ndipo ndimu lobayidwalo lisadyedwe.

Inu a m'tauni, pobwera mutitengereko timababu ta LED ndi kamita koyezera magetsi, sizidula kwenikweni. Mwana amene wayatsa yekha kababu ndi mandimu sangaope sayansi kusukulu, ndipo mawa ndi amene adzatikonzere sola ikavuta. Za kutchaja mafoni, tisonkherane tigule sola yeniyeni. Mukuti bwanji?