Njinga yamoto yaikulu yoyendapo kale: kodi ndi ya misewu yathu?

Pamsewu wochoka m'tauni ya Blantyre kudutsa ku Chirimba kukafika pa Kameza, njinga zamoto n'zosawerengeka, koma pafupifupi zonse ndi za kabaza: ma Lifo, ma Kinglion, ma Boxer, za injini ya 125cc kapena 150cc. Mwa apo ndi apo pamadutsa ina yosiyana nazo, yaitali, yamabokosi m'mbali, yolira ndi mawu aakulu apansipansi. Zina mwa izi ndi za alendo olowera kunyanja, koma zina ndi za Amalawi anzathu, ndipo ambiri mwa iwo anazigula zitayendapo kale ku Joni kapena ku Ulaya. Ozilakalaka alipo ochuluka, ndipo sindikuwadabwa. Nkhani yagona poti mtengo umene munthu amauona pa intaneti ndi kachigawo chabe ka ndalama zimene njingayo idzadye ikafika kuno.

Ubwino wake ndi weniweni, tisaupeputse. Njinga monga BMW R1200GS, Honda Africa Twin, Yamaha Super Ténéré ndi Suzuki V-Strom zinapangidwira maulendo ataliatali. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi wa makilomita oposa 300, ndipo amene anauyendapo pa kanjinga ka 150cc amadziwa momwe msana ndi manja zimachitira dzanzi asanafike n'komwe pa Chingeni. Njinga yaikulu imayenda liwiro la makilomita 100 pa ola injini isakubanika, ili ndi galasi lotchinga mphepo, mpando wake ndi wotakata, ndipo imanyamula munthu wachiwiri ndi katundu popanda kugwedezeka. Popitirira thiraki pachitunda sumakhalitsa kumbali ya magalimoto obwera, chifukwa mphamvu ilipo yokwanira. Zambiri zili ndi mabuleki a ABS, amene amaletsa tayala kukwakwalala ukamanga mwadzidzidzi, monga mbuzi ikadumphira mumsewu cha ku Lirangwe. Mafuta imamwa malita 5 kapena 6 pa makilomita 100, kuchepera galimoto zambiri zimene timayendera.

Kulimba nakonso n'kosakanika. Injini zazikuluzi sizivutika poyenda, choncho zimakhalitsa, ndipo yosamalidwa bwino imapyola makilomita 100,000 isanatsegulidwepo. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa m'Malawi muno pa BMW R1200GS Adventure, paulendo wa Long Way Down wochokera ku Scotland mpaka ku Cape Town, ndipo ulendo umenewo unakopa anthu ambiri kuti azikonda njinga zamtunduwu. Tilinso ndi misewu yoti munthu angasangalalemo: Midima wopita ku Mulanje phiri lili patsogolo, makona otsetsereka ku Thabwa polowera ku Chikwawa, Khwekhwerere potsikira ku Golomoti. Amene akuti njinga yotere ndi yongodzionetsera sanakhalepo pampando wake m'mawa wa mwezi wa June akulowera ku Zomba.

Koma munthu sakhala pa Midima tsiku lililonse. Amakhala ku Chirimba, ku Machinjiri, ku Chilomoni, ndipo asanafike pa tala ayenera kutsika kamsewu kamiyala kodulidwa ndi ngalande. Apa ndiye kulemera kumayamba kulankhula. Njinga ya kabaza imalemera makilogalamu pang'ono kupyola 100. R1200GS ikadzaza mafuta imafika cha m'ma 230 kapena 240, pomwe Honda Gold Wing ya 1800cc imayandikira 400. Mpando wa GS ndi wotalika masentimita 85 kuchoka pansi, ndiye munthu wamfupi amaponda ndi zala zokha. Njingazi sizigwa kwambiri zikamathamanga ayi. Zimagwa poyenda pang'onopang'ono: pokhota pageti, poima pamalo opendekeka, phazi likaponda mchenga kapena matope a dzinja. Ikayamba kupendama palibe woigwira, ndipo kuidzutsa wekha n'kofuna luso, apo ayi uthyola msana. Pamsika wa Chirimba madzulo, pomwe minibasi imaima paliponse ndipo anthu akudutsa mbali zonse, ukulu wake umasanduka goli: mabokosi am'mbali amakola, dzanja la kilatchi limatopa, ndipo injini zoziziritsidwa ndi mphepo zimatentha mpaka kuotcha miyendo.

Pali chinthu china chimene ndimachiopa kuposa zonsezi. Munthu amene wayendetsa kabaza zaka zisanu amaganiza kuti njinga ndi njinga basi. Sizili choncho. Injini ya 1200cc ili ndi mphamvu pafupifupi kakhumi kuposa ya 125cc, ndipo kupotokola dzanja pang'ono pakona yamchenga n'kokwanira kukuponya. N'chifukwa chake lamulo limasiyanitsa laisensi ya A1, ya njinga zosapyola 125cc, ndi ya A, ya zazikulu. Madokotala a mafupa ku chipatala cha Queens akhala akudandaula kale za kuchuluka kwa ovulala pa njinga zazing'ono. Wogula njinga yaikulu awerengeretu mtengo wa helemeti yeniyeni, jekete yokhala ndi zotetezera, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo, ndipo ayambe wazolowera pabwalo lopanda magalimoto asanalowe mu Chipembere Highway.

Ku nkhani yokonza ndiye kumene ambiri amagonjera. Sipeya ya Lifo ukaifuna uipeza m'mashopu a ku Limbe tsiku lomwelo. Ya BMW kapena ya Super Ténéré uyenera kuitanitsa ku Johannesburg, kulipira m'ma randi, kudikira basi kapena thiraki yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense amene anali ndi njinga yodalira masipeya akunja anaona mtengo wa chilichonse ukukwera usiku umodzi. Matayala ndiwo amapweteka kwambiri: lakumbuyo limatha pa makilomita pafupifupi 10,000, kapena msanga kuposa apo ngati umanyamula katundu, ndipo saizi zake, monga 150/70-17, sizipezeka mwachisawawa kuno.

Amakaniko athu sindiwanyoza. Ku Ndirande kuli amisiri amene amadzutsa injini yoti ena anaitaya kale, ndipo njinga yakale ya kabiyuleta, monga Africa Twin ya 750cc imene Honda inkapanga kuyambira 1990 mpaka 2003, iwo akhoza kuisamala. Zovuta zake n'zodziwika, pampu ya mafuta ndi kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire, ndipo n'zosinthika mosavuta. Koma njinga zatsopanopo zimayendetsedwa ndi kompyuta. Nyali yochenjeza ikayaka pamafunika makina olumikiza kuti udziwe chavuta, ndipo kungoyesa kudula mawaya kumabala mavuto ena. Ma R1200GS opangidwa pakati pa 2004 ndi 2006 ali ndi mabuleki othandizidwa ndi pampu yamagetsi imene ikafa imadula kwambiri. Ngakhale shafiti yoyendetsa tayala lakumbuyo, imene ogulitsa amaitamanda kuti ilibe chintchito chothira mafuta ngati tcheni, ili ndi mbali ziwiri: n'zoona siivutika ndi fumbi, koma ikawonongeka uli ku Nsanje ulendo wathera pomwepo, pomwe tcheni ukhoza kuilumikiza pansi pa mtengo.

Mafuta nawo ali ndi nkhani yake. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 komanso ku PressCane ku Chikwawa. Njinga ikamayenda tsiku ndi tsiku palibe vuto lalikulu, koma ikakhala miyezi itaimikidwa, ethanol amakoka chinyezi, thanki yachitsulo imachita dzimbiri ndipo mapaipi akale a labala amafewa. Nthawi ya mizere pamafilingi sitesheni, thanki ya malita 20, kapena 30 ndi kupyola pa GS Adventure, ndi mwayi chifukwa ukathira kamodzi umafika patali. Koma tsiku limene wakakamizika kugula wa m'zigubu, kanjinga ka kabaza kamameza zinyalala n'kumapitirira, pomwe pampu ndi mainjekitala a njinga yaikulu zimatsekeka.

Amene waganiza zogula ayambe ndi mapepala, injini pambuyo. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu bulu buku. Yochokera ku Joni ikhale ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba, komanso umboni woti msonkho wa MRA unalipidwa. Njinga imene inalowa ndi mlendo pa chilolezo chongodutsa, iye n'kuigulitsa motchipa pobwerera kwawo, msonkho wake umatsalira wogula. Kusintha umwini ndi COF kachiteni nokha ku Road Traffic, osadalira madobadoba.

Kenako pitani mukaione m'mawa, injini ili yozizira, ndipo muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize. Wogulitsa amene waitenthetseratu mwina akubisa kuvuta kulira kapena utsi. Yang'anani ngati mafoloko akutsogolo akudontha oyilo, gwedezani tayala lakumbuyo cham'mbali kuti mumve ngati likusewera, onani nsonga za mahandulo ndi m'mbali mwa injini ngati muli zipsera zakugwa. Pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. La zaka zoposa zisanu limakhala litauma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Funsani malisiti a sevisi. Njinga ya makilomita 80,000 yokhala ndi mbiri yolembedwa ndimaikhulupirira kuposa ya 30,000 yopanda pepala lililonse.

Ine ndikaziika zonsezi pasikelo, Gold Wing ndi zinzake zotsika pansi ndimazichotsapo msanga: mahampu ndi maenje athu, makamaka m'misewu imene namondwe Freddy anaiwononga mu March 2023, sizigwirizana nazo. Kwa munthu amene maulendo ake ndi a Chirimba, Ginnery Corner ndi Limbe, njinga ya 150cc kapena 250cc imugwirira ntchito yonse pamtengo wochepa. Koma amene amapitadi ku Lilongwe, ku Mangochi kapena ku Tete mwezi ndi mwezi, ali ndi m'bale kapena mnzake ku Joni wotumiza masipeya, ndipo wapeza kale makaniko woidziwa, ali ndi chifukwa chomveka chogulira. Ameneyo ndingamulozere ku ya pakatikati, monga V-Strom 650: ndi ya tcheni, imapepukirako pang'ono, mpando wake ndi wotsikirapo, ndipo pa M1 imachita pafupifupi zonse zimene ya 1200cc imachita. Asanalipire apatule ndalama ya matayala awiri, batire ndi sevisi yoyamba, chifukwa njinga yoyendapo kale kawirikawiri imafika ikufuna zitatu zonsezi.