Za yisiti m'masese: tinalawa osadziwa

Mwezi wathawu ndinakangana ndi mayi a kunyumba. Ine ndinkati tizithira yisiti m'masese kuti mowa uzikoma, iwo ankati chimera cha mawere n'chokwanira.

Ndiye anaphika phala limodzi n'kuligawa m'mbiya ziwiri. Ina tinathiramo kasupuni ka yisiti wa buledi, inayo ayi. Ya yisitiyo inayamba kuwira msanga, zimenezo sindikana. Mowa utapsa, alamu anga ankatungira kuseri kwa nyumba n'kumupatsa aliyense zipanda zitatu: ziwiri za mbiya imodzi, chachitatu cha mbiya inayo. Ntchito inali kuloza chosiyanacho.

Amalume aja amati yisiti amamumva ndi fungo lomwe anaphonya. Inenso ndinaphonya! Mwa anthu 6 analasa ndi 2 okha, chonsecho ngakhale wongolota amalasa kamodzi pa katatu.

Maganizo anga ndi awa: yisiti amafulumizitsa basi, kukoma ndi kwa chimera ndi manja a wofulula. Ngati mowa ukufunika msanga, thirani. Apo ayi, ndalamayo gulirani mchere. Amene akutsutsa, alawe kaye osauzidwa mbiya.

Mayi akundisekabe mpaka lero.