Simenti ndi Mvula

Simenti imapangidwa ndi miyala ya njereza. Miyalayi amaiotcha m'ng'anjo yotentha madigiri 1,450, kenaka amaipera. Pootchapo pamatuluka mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula.

Akatswiri adapeza njira zochepetsera vutoli. Popera amathiramo mankhwala pang'ono kuti miyala iphwanyike msanga, motero makina satha magetsi ambiri. Amasakanizamonso phulusa la malasha kapena dongo lootcha pa moto wocheperapo. Potero miyala yootcha imachepa, koma simenti imalimbabe.

Eni mafakitale ayenera kutsata njira zimenezi ngakhale zitawadyera ndalama. Nyumba yolimba ndi yabwino ndithu, koma wogonamo amafunanso mvula kuti chimanga chake chiche.